Kukonza Ekiselo ya Njinga

Mapedalo aŵiri a njinga yokwerera mapiri amalumikizidwa ndi ekiselo. Ekiseloyo imazungulira m'chibowo chimene chili m'munsi mwa felemu. Ikatha, njinga imalira ndipo mapedalo amagwedera.

Pa njinga zambiri zotere, chibowocho chimatalika mamilimita 68 kapena 73. Kusiyana kwake ndi mamilimita 5 okha, komabe n'kofunika. Ekiselo yopangidwira chibowo cha mamilimita 73 ikaloŵa m'chibowo cha mamilimita 68, pamatsala mpata. Mmisiri amatseka mpatawo ndi mawashala aŵiri a mamilimita 2.5. Koma ekiselo yopangidwira chibowo chachifupi siyenera m'chibowo chachitali, chifukwa mapedalo angamakhule felemu.

Kaŵirikaŵiri chotsekera cha mbali ya tcheni chimamangidwa pochizunguliza kumanzere. Munthu akachikakamiza ndi sipanala, mazinga a felemu amadyeka. Pamenepo ekiselo sigwiranso, ndipo wokwera angathe kugwa pamtsetse.

N'chifukwa chake mmisiri wanzeru amayamba wayeza chibowo asanagule ekiselo. Paja akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mafunso

1. Kodi ntchito ya mawashala ndi yotani?
2. Chimachitika n'chiyani mazinga akadyeka?