Ndege inatera pa Cape Maclear chaka chimodzi chokha

Mukapatuka pa Masasa, kusiya msewu wa M1, n'kuyamba kutsetsereka ndi Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, kunja kukayera bwino nyanja imaonekera patali ikuchita waliwali ngati malata atsopano. Kwa anthu a ku Ntcheu, nyanjayo ndi ya maso chabe. Bomali lilibe gombe. Madzi amene limadziwika nawo ndi damu la Mpira, lija linaphwa mu 2018 n'kusiya amayi a ku Ntcheu ndi ku Balaka akuzungulira ndi zigubu. Ngakhale litadzaza chotani, ndege siingaterepo.

Komabe mwana wa ku Ntcheu amene wapata ndalama ku Joni, n'kumalingalira zogula ndege yoti izinyamula alendo ku Lilongwe kukawatsitsa pamadzi ku Cape Maclear, asasekedwe. Zoti ndege izitera pamadzi ku Cape Maclear zinachitikapo.

Mu November 1949, kampani ya ku Britain ya BOAC inayamba kuteretsa ndege zake za mtundu wa Short Solent pa Cape Maclear. Zinali zimphona za mainjini anayi, zonyamula anthu opitirira 30, mimba yake youmbidwa ngati sitima ya pamadzi. Zinkanyamuka ku Southampton, n'kumatera pamadzi m'njira monse, pa mtsinje wa Nile ndi pa nyanja ya Victoria, mpaka kukafika pa damu la Vaal kufupi ndi Johannesburg, ulendo wa masiku oposa anayi. Pagombe la Cape Maclear panali hotela yatsopano yolandirira alendowo. Pofika November 1950, BOAC inasiyiratu ndege zotera pamadzi, poti mabwalo a pamtunda anali atachuluka ndipo ndege za matayala zinkathamanga kwambiri pamtengo wotsika. Chaka chotsatira hotela ija inatsekedwa. Msewu wopita kumeneko unali woipa, ndipo ndege itachoka panalibenso chobweretsa alendo.

Ndege zotera pamadzi za masiku ano n'zazing'ono. Yodziwika kwambiri ndi Cessna Caravan, yomwe amaichotsa miyendo n'kuimangirira timabwato tiwiri kunsi. Timabwato tina timakhala ndi matayala obisika m'kati, moti ndegeyo imanyamuka pa phula ku Kamuzu International Airport n'kukatera pamadzi. Ubwino umenewo uli ndi mtengo wake. Timabwatoto n'tolemera ndipo timakokera ndege m'mbuyo, choncho imanyamula anthu ochepa, imayenda pang'onopang'ono, mafuta nayo imamwa ambiri. Nyanja yathu ili pamtunda wa mamita oposa 470 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye kukatentha mu October mpweya umapepuka, ndege imathamanga mtunda wautali pamadzi isananyamuke. Chotikomera n'chakuti madzi athu alibe mchere, zitsulo sizichita dzimbiri msanga ngati ku Maldives, kumene ndege za Twin Otter zimatumikira mahotela a pazilumba tsiku ndi tsiku.

Mdani weniweni ndi mwera. Msodzi aliyense wa ku Chembe kapena ku Msaka amaudziwa: umayamba cha mu May mpaka August kapena September, ndipo ukakwiya ngakhale mabwato a injini amagona pagombe. Sitima ya Vipya inamira pa 30 July 1946 m'nyengo yomweyi, anthu 145 n'kutsikira kuli chete. Ndege yaing'ono siipirira mafunde aakulu. Tsoka lake, miyezi ya mwera ndi yomweyonso imene alendo ambiri ochokera ku Ulaya amabwera. Nyanja ikagona phee ngati galasi, vuto ndi lina: woyendetsa amalephera kuona bwino pamene madzi ayambira, ndipo kutera kotero kumafuna maphunziro akeake. Onjezanipo mvuu, maukonde ndi mabwato a asodzi amene salembetsa kwa aliyense kuti lero alowera kuti. Usiku ndiye osayerekeza. Ngakhale ku Maldives ndegezi zimauluka masana okha.

Tsono kugula kapena kubwereka? Caravan yatsopano ndi mamiliyoni a madola, timabwato tisanamangirirepo. Wogula amasenza zonse yekha: inshuwalansi, yomwe imakwera ikakhala ndege ya pamadzi, makaniko odziwa timabwato, masipeyala ochokera kunja, ndi woyendetsa amene ali ndi chiphaso choteretsa pamadzi. Kubwereka kuli pawiri. Pali kubwereka ndege yokhayokha, zina zonse n'kudzionera. Palinso kubwereka ndege pamodzi ndi oyendetsa ake, oikonza ndi inshuwalansi, inu n'kumalipira maola amene yauluka, kugula mafuta ndi kusaka alendo. Njira yachiwiriyi imadula pa ola, ndipo eni ndege amafuna kuti mulipire maola mwakutimwakuti pamwezi, kaya yauluka kaya ayi. Koma zikavuta, ndege imabwerera kwa eni ake, inu n'kutsala ndi nyumba yanu.

Njira zonsezi zimalipidwa m'madola. Amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu November 2023 akudziwa chimene chimachitikira munthu wolandira makwacha koma ali ndi ngongole ya madola. Palinso mapepala: a Civil Aviation ayenera kuvomereza ndegeyo ndi malo oterapo, a Marine Department ali ndi mawu pa zoyenda panyanja, ndipo Cape Maclear ili m'dera la Lake Malawi National Park, yomwe UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo osungidwa mu 1984. Kumbukiraninso kuti ku Likoma ndi ku Makokola kuli kale mabwalo a pamtunda, ndipo ndege za matayala zimatera kumeneko mwera uli m'kati. Zomwe zinagwetsa ndege za pamadzi za BOAC zija sizinachoke.

Mlimi wa ku Tsangano kapena mayi wogulitsa kabichi pa Lizulu, ndegeyo adzangoimvera m'mwamba. Phindu lake lidzamufika pokhapokha mbatatesi ndi tomato wake zikatsika Khwekhwerere kukalowa m'makhitchini a mahotela a kunyanja, ndipo zimenezo zimayenda pa lole.

Inu amene mtima uli dyokodyoko pa ndegeyi, musagule kaye. Bwerekani pamodzi ndi oyendetsa ake, muyambe mu May, muwerenge masiku amene mwera waikaniza kutera mpaka September.