Kampani ya inshuwalansi yopanda chiphaso ikagwa, alipira ndani?

Anthu ogula inshuwalansi ku kampani yopanda chiphaso ali pachiopsezo chosalandira chipukuta misozi kampaniyo ikagwa.

Lamulo la Financial Services Act la 2010 lidapereka udindo wopereka ziphaso kwa Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Kampani yachiphaso imalamulidwa kusunga mpamba wokwanira kulipira makasitomala, pomwe yopanda chiphaso mabuku ake saunikidwa.

Kampani ikathetsedwa, katundu wake amagulitsidwa ndipo ndalamazo zimagawidwa kwa omwe ili nawo ngongole. Katunduyo akachepa, makasitomala amalandira gawo chabe, mwinanso osalandira kalikonse.

Bungwe la Deposit Insurance Corporation limateteza ndalama zosungitsa kubanki, osati za inshuwalansi.

Choncho akuluakulu a m'maunduna ayenera kutsimikiza kaye za chiphaso ku Reserve Bank asanasaine mgwirizano.