Mphindi zisanu pamaso pa eni mpamba

Ntchito yanga ndi kukonzekeretsa amalonda asanakaime pamaso pa eni ndalama kukapempha mpamba. Ambiri akamva zimenezi amaganiza kuti ndimaphunzitsa anthu kuthyakula Chizungu ndi kuvala suti. Maganizo amenewa amachokera pa kanema. Anthu aonera Dragons' Den, yomwe BBC idayamba kuonetsa mu 2005, kapena Shark Tank ya ku America yomwe idayamba mu 2009, zonse zochokera ku pulogalamu ya ku Japan ya mu 2001. Munthu amalowa ndi katundu wake, amalankhula pang'ono, kenako agwirana chanza ndi mpondamatiki. Koma zomwe timaonerazo ndi chidule cha zokambirana zomwe nthawi zambiri zimatenga pafupifupi ola lathunthu, ndipo gawo lalikulu la olalo limathera pa masamu.

Tsiku lina kudabwera mayi wina wopanga chiponde. Adatulutsa mabotolo atatu m'chikwama, natsegula limodzi, ofesi yonse nkudzaza fungo la mtedza wokazinga. Ndidalawa ndi supuni ya tiyi: chosalala, mchere wake wokwanira, mafuta osayandama pamwamba. Ndidawafunsa kuti, "Mayi, botolo limodzili limakudyerani zingati kuti lifike patebulo pano?" Adatchula mtedza, mchere ndi botolo. Titatenga pepala nkuonjezerapo magetsi, lebulo, thiransipoti yokapikula mtedza, malipiro a mtsikana wosankha mtedza ndi mabotolo osweka panjira, phindu lomwe ankaliona ngati lalikulu lidatsala lochepetsetsa. Adakhala chete kwa kanthawi, maso ali papepala. Funso limenelo ndi lomwe mwini ndalama aliyense amayambira, ndipo ndi bwino likupezeni muli ndi ine kusiyana ndi kuti likupezeni muli pamaso pake.

Tisiyanitse kaye zinthu ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Banki ikakubwerekani, imafuna chikole ndi chiwongoladzanja, ndipo mukabweza mwathana. Wolowetsa ndalama mu bizinesi yanu safuna chikole. Amagula gawo la bizinesiyo, omwe ndi masheya. Ikagwa, ndalama zake zapita. Ikakula, amadya nanu mpaka tsiku lomwe adzagulitse gawo lakelo. Nchifukwa chake amafunsa mafunso ngati ankhoswe: akulowa m'banja.

Apa ndi pomwe pali masamu omwe amagwetsa ambiri. Mukanena kuti mukufuna K10 miliyoni ndipo mupereka 20 peresenti, mwanena kale kuti bizinesi yanu yonse ndi ya K50 miliyoni, ngakhale mawuwo sanatuluke pakamwa panu. Mwini ndalama amawerengera zimenezi mumtima musanamalize chiganizo, kenako amafunsa kuti chaka chatha mudagulitsa zingati. Manambala awiriwa akatalikirana, chidwi chake chimathera pomwepo.

Mu 2007, Levi Roots, mbadwa ya ku Jamaica yokhala ku London, adalowa mu Dragons' Den akuimba ndi gitala, atanyamula msuzi wake wa Reggae Reggae Sauce. Adapempha mapaundi 50,000 posinthana ndi 20 peresenti. Peter Jones ndi Richard Farleigh adavomera ndalamazo, koma pa 40 peresenti. Mtengo wa bizinesi yake udatsika kuchoka pa mapaundi 250,000 kufika pa 125,000 m'chipinda momwemo. Iye adalola, ndipo patangopita masabata ochepa msuziwo udali m'masitolo a Sainsbury's. Adapereka gawo lalikulu, koma adapeza anthu otha kumutsegulira zitseko zomwe yekha sakadazifika. Choncho musamangofunsa kuti akupatsani zingati. Funsaninso kuti kupatula ndalama, munthuyu akubweretsa chiyani.

Kukanidwa nakonso si chiweruzo chomaliza. Mu 2013 Jamie Siminoff adapita ku Shark Tank ndi belu la pakhomo lokhala ndi kamera, lolumikizana ndi foni, lomwe ankalitcha DoorBot. Adapempha madola 700,000 pa 10 peresenti, koma adatuluka chimanjamanja. Adapitiriza, nasintha dzina kukhala Ring, ndipo mu 2018 Amazon idagula kampaniyo pa mtengo wa pafupifupi madola 1 biliyoni. Eni ndalama amaphonya nawonso. Chomwe chimapulumutsa wamalonda wokanidwa ndi makasitomala omwe akupitirizabe kugula.

Chinanso chomwe kanema saonetsa ndi zochitika pambuyo pa chanza chija. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndalama zisanalowe, mwini wake amatumiza anthu kudzafufuza: kodi bizinesi idalembetsedwa? Muli ndi nambala ya msonkho ya ku MRA? Ngati ndi chakudya, a Malawi Bureau of Standards adachiyeza? Ndalama za malonda zili ndi akaunti yakeyake, kapena zimasakanikira ndi za ndiwo ndi za fizi? Mapangano ambiri amafera pamenepa, mwakachetechete.

Mayi achiponde aja ndidawabweza kunyumba ndi kope la masamba ochepa. Ndidati alembe chilichonse cholowa ndi chotuluka tsiku ndi tsiku, ndiponso mayina a magolosale omwe aodanso kachiwiri. Atabweranso patapita miyezi, kope lidali lakuda ndi zala za mafuta a mtedza. Adali atakweza mtengo pang'ono, atasiya kapaketi kena komwe kankawadyera mpamba, ndipo ankadziwa kuti chowalepheretsa kukula ndi makina opera ang'onoang'ono. Tsopano pempho lawo lidali lomveka: ndalama zakuti, zogulira makina akuti, kuti akwaniritse maoda omwe akuwabweza sabata iliyonse.

Zimandipweteka ndikaona munthu waluso, wa manja odalitsika, akutuluka m'chipinda cha eni mpamba ali wolefuka, akuganiza kuti amunyoza chifukwa chosadziwa kulankhula. Kawirikawiri chomwe chidasowa chidali kope lija. Ngati mukulota zodzaima pamaso pa eni ndalama chaka chamawa, gulani kope lero, ndipo madzulo ano mulembemo zomwe mwagulitsa.