Wotchi Yoyeza Kuthamanga: Zimene Mayi Ayenera Kudziŵa

Amayi, mukabwera ndi mwana kusikelo, anamwino amamuyeza ndi kulemba kulemera kwake pa khadi. Muyeso wa tsiku limodzi sunena zambiri. Mzere wa miyezi ingapo ndiwo umaonetsa ngati mwana akukula bwino. Ndi chimodzimodzi ndi thupi lanu. Mayi wofuna kubwezeretsa mphamvu zake poyenda ndawala kapena kuthamanga achita bwino kusunga chiŵerengero cha zimene wachita. Chipangizo chimodzi chothandiza pa ntchitoyi ndi wotchi ya GPS.

Kodi wotchiyi imagwira ntchito bwanji?

Kumwamba kuli masetilaiti a GPS oposa 24 amene amazungulira dziko lapansi kaŵiri pa tsiku, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200. Anawaika ndi a boma la America, ndipo yoyamba inaponyedwa m'chaka cha 1978. Setilaiti iliyonse imaulutsa uthenga wonena pamene ili ndi nthaŵi yake. Wotchi ikalandira uthenga wa masetilaiti anayi kapena kuposerapo, imadziŵa pamene mwaima. Mukamayenda, imalumikiza malo onse amene mwadutsa, nikuuzani mtunda, nthaŵi ndi liŵiro lanu. Mawotchi ambiri alinso ndi kanyali kobiriŵira kunsi kwake koyezera kugunda kwa mtima.

Komabe wotchi imalakwitsa. Pansi pa mitengo yoŵirira, pakati pa nyumba zazitali ndiponso m'nyumba, uthengawo sufika bwino. Tsono musanayambe, imani pabwalo kufikira wotchi itaonetsa kuti yakonzeka.

Muyambe liti?

Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, m'malangizo ake a 2020 linati amayi oyembekezera ndi amene angobereka kumene, ngati alibe vuto lina, azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Izi ndi mphindi 30 masiku asanu. Ntchitoyi imathandiza kupeŵa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndiponso imachepetsa nkhaŵa.

Koma kuthamanga si koyambira. Minofu ya m'chiuno, imene inanyamula mwana miyezi isanu ndi inayi, imafuna nthaŵi kuti ilimbenso. Yambani ndi kuyenda. Pitani kukayezedwa pakatha masabata asanu ndi limodzi chiberekereni, ndipo funsani anamwino. Akatswiri ambiri amalangiza kudikira miyezi itatu musanayese kuthamanga. Ngati munabereka ndi opaleshoni, musayambe popanda chilolezo cha adokotala.

Kagwiritsidwe ntchito koyenera

1. Sabata yoyamba, thamangani mphindi imodzi, yendani mphindi ziŵiri, ndi kubwereza kasanu. Pumani tsiku lotsatira.
2. Onjezerani pang'onopang'ono. Ngati wotchi ikuonetsa kuti mtunda wa sabata ino waposa kwambiri wa sabata yatha, bwererani m'mbuyo.
3. Musapikisane ndi liŵiro la anzanu. Ngati mukutha kulankhula mukuthamanga, liŵirolo lakwana.
4. Yamwitsani mwana musananyamuke, ndipo imwani madzi okwanira. Kulimbitsa thupi mosapitirira muyeso sikuchepetsa mkaka wa m'maŵere.
5. Musathamange mwana ali kumsana. Khosi lake ndi lanthete. Msiyireni munthu wamkulu wodalirika.

Zimene wotchi siingaone

Wotchi siimva ululu. Lekani pomwepo ndi kupita kuchipatala mukaona izi: kutaya magazi, mkodzo kutuluka wokha, kumva kulemera kapena chinthu chotsika kunjira ya abambo, kuŵaŵa kwa chilonda cha opaleshoni, chizungulire, kapena kuŵaŵa pachifuwa. Ngakhale manambala akhale okoma chotani, mverani thupi lanu.

Chenjeraninso ndi mapu. Wotchi imasunga njira yonse imene mwadutsa, kuyambira pakhomo panu. M'chaka cha 2018 mapu a kampani ya Strava anaulula malo a misasa ya asilikali chifukwa cha njira zimene asilikaliwo ankathamangamo. Mukaonetsa mapu anu pa intaneti, mlendo aliyense adziŵa kumene mumakhala ndi nthaŵi imene mumachoka panyumba.

Nanga ngati mulibe wotchiyi?

Musadandaule, ndipo musatenge ndalama za chakudya cha ana kukagulira wotchi. Mafoni ambiri amakono ali ndi GPS yomweyo. Ngati mulibenso foni yotere, wotchi wamba ndi kope zikwanira. Kuzungulira bwalo lalikulu la mpira katatu ndi pafupifupi kilomita imodzi. Lembani tsiku, mphindi, maulendo amene mwazungulira, ndi m'mene munamvera m'thupi.

Kumbukirani: bwerani ndi kope lanulo pamodzi ndi khadi la mwana tsiku la sikelo, kuti anamwino aone zonse ziŵiri. Mayi wamphamvu ndiye amalera ana athanzi.