Windows 10 yasiyidwa: laputopu yakale ya pakhomo tichite nayo chiyani?

Kuyambira pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kutumiza zokonza za chitetezo ku makompyuta a Windows 10. Inu amene muli ndi laputopu yomwe m'bale wanu anatumiza kuchokera ku Johannesburg, kapena munagula yogwirapo kale ntchito ku Limbe, mwina mwaonapo uthenga wodzadza sikirini yonse wokukakamizani kuti musamukire ku Windows 11. Musathamangire kugula ina. Kompyutayo iyakabe mawa, ndipo makalata ndi zithunzi zanu zili momwemo. Chomwe chasintha n'chakuti mabowo atsopano omwe akuba a pa intaneti azipeza mu Windows 10 palibenso woti aziwatseka. Zili ngati bwato lomwe mwini wake wasiya kulimata phula: lero lipita pa nyanja n'kubwerako bwinobwino, koma madzi sasiya kufunafuna polowera.

Izi zinaonekapo mu Meyi 2017, pamene vayirasi yotchedwa WannaCry inatseka mafayilo a makompyuta m'mayiko oposa 150, mpaka zipatala zina za ku Britain zinabweza odwala. Bowo lomwe inalowera anali atalikonza kale mu Malichi chaka chomwecho, ndipo amene anagwidwa ndi aja sanalandire chokonzacho. Choncho ngati pa kompyuta yanu mumalowa ku banki, mumasunga kaundula wa ana a ku madrasa kapena mabuku a ndalama za bizinesi ya usipa, nkhaniyi ndi yanu.

Poyamba onani ngati kompyutayo ingalandire Windows 11, chifukwa ikatero kusamukako n'kwaulere. Imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo osungira zinthu a 64 GB, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndi purosesa yosakalamba kwambiri. Pa purosesa ndi pomwe makompyuta ambiri akale amagwera. Tsegulani Settings, kenako System, kenako About, muwerenge dzina la purosesa. Likakhala ngati i5-8250U, nambala yoyamba ija ya 8 ikusonyeza m'badwo wachisanu n'chitatu, ndipo imeneyo ndi yololedwa. Likakhala i5-6300U kapena i5-7200U, khomo n'lotseka. Anyamata okonza makompyuta pa msika amadziwa njira yoikira Windows 11 mokakamiza pa makina otere, ndipo imayakadi, koma Microsoft inanena poyera kuti sikulonjeza kuti makina amenewo azilandira zokonza. Kulipira munthu kuti akubwezereni pa vuto lomwe mukuthawa si nzeru.

Palinso ndondomeko ya Microsoft yotchedwa ESU, yomwe imatalikitsa chitetezo cha Windows 10 mpaka pa 13 Okutobala 2026. Imeneyi ndi mpata wopumira ndi kukonzekera basi.

Njira yomwe ine ndimaiona yoyenera mabanja ambiri ndiyo kuchotsa Windows n'kuika Linux. Windows ndi pulogalamu yaikulu yomwe imayendetsa kompyuta yonse, ndipo siili yokha pa dziko. Linux inayambidwa ndi Linus Torvalds wa ku Finland mu 1991, ndi yaulere, ndipo aliyense ndi wololedwa kuikopera mnzake popanda kuba kalikonse. Ili ndi mitundu yambiri. Wotchuka ndi Ubuntu, womwe Mark Shuttleworth wa ku South Africa anauyambitsa mu 2004, ndipo dzinalo ndi lomwe ife timati umunthu. Kwa munthu wozolowera Windows, mtundu wosavuta ndi Linux Mint, womwe unamangidwa pa Ubuntu yemweyo. Batani lotsegulira mapulogalamu lili pansi kumanzere, wotchi pansi kumanja, monga munazolowera. Linux Mint 22 inatuluka mu 2024 ndipo izilandira zokonza mpaka 2029. Imayenda ngakhale pa RAM ya 2 GB, koma 4 GB ndiye yabwino, ndipo pa makina ofooka kwambiri sankhani ya Xfce, yomwe ndi yopepuka.

Ubwino wake waukulu n'ngwakuti mutha kuilawa musanafufute kanthu. Fayilo yake ndi ya pafupifupi 3 GB, choncho ikopereni pomwe pali Wi-Fi, kapena mukopere kwa mnzanu amene ali nayo kale, bandulo yanu isathere pamenepo. Ndi pulogalamu ya Rufus kapena balenaEtcher, ilembeni pa flash ya 8 GB yopanda zinthu zofunika. Poyatsa kompyuta dinani F12 ngati ndi Dell kapena Lenovo, F9 ngati ndi HP, musankhe flash ija. Linux idzayaka kuchokera pa flash, Windows ili chikhalire mkati. Apa musafulumire. Lumikizani intaneti ya pa foni, imbani nyimbo kapena nasheed kuti mumve ngati mawu akutuluka, yesani kamera, lumikizani purinta musindikize tsamba limodzi. Mapurinta ambiri a HP amagwira osavuta, koma ena akale otsika mtengo amafuna ntchito yaikulu, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezo Windows isanachoke.

Tinene zoona, pali zomwe zimakwiyitsa masabata oyamba. Word ndi Excel kulibe. M'malo mwake kuli LibreOffice, yomwe imatsegula ndi kusunga mafayilo a .docx ndi .xlsx, koma nthawi zina tebulo limasuntha kapena tsamba limodzi limasanduka awiri. Nthawi zambiri chifukwa chake ndi zilembo: Times New Roman sibwera ndi Linux, ndipo kompyuta imaikapo ina yofanana nayo. Kalata yofunsira ntchito kapena ya ku ofesi muziisunga ngati PDF musanaitumize, ndipo idzaoneka chimodzimodzi kulikonse. WhatsApp mudzaitsegula kudzera mu Firefox kapena Chrome, chifukwa ilibe pulogalamu yakeyake ya Linux. Tsono amene mumadya za CorelDRAW ndi Photoshop, opanga makadi a ukwati ndi zikwangwani, inu musasamuke mwachisawawa. Mapulogalamu amenewa sanapangidwire Linux. Kuli Inkscape ndi GIMP zomwe zimagwira ntchito yofananayo, koma kuphunzira zida zatsopano makasitomala ali pa khomo n'kovuta, ndipo kwa inu kusunga ndalama ya makina olandira Windows 11 kungakhale kwanzeru.

Aphunzitsi a madrasa amafunsa za Chiarabu. Chimalembeka bwinobwino: onjezerani kiyibodi ya Chiarabu pa Keyboard settings, ndipo mu LibreOffice yatsani Complex Text Layout kuti mizere iziyambira kumanja. Zilembo za Amiri ndi zaulere ndipo zimaonetsa bwino fatha, kasra ndi damma. Olemba Chiyao nawo apeza kanthu kokoma. Chilembo cha ŵ, chomwe pa Windows timachisaka mu Insert Symbol, pa Linux chimatuluka ndi mabatani atatu: sankhani batani limodzi likhale Compose, kenako dinani ilo, ^ ndi w.

Mavuto ena awiri a tsiku ndi tsiku amachepa okha. Vayirasi ija ya pa flash, yomwe imabisa mafoda n'kusiya ma shortcut mukabwera kosindikiza, siyenda pa Linux, ndipo mafayilo obisikawo mumawaona n'kuwapulumutsa. Samalani chabe kuti flash yomweyo itha kukadwalitsabe kompyuta ya Windows ya mnzanu ngati simunaiyeretse. China ndi bandulo: Linux Mint imakuuzani kuti zokonza zafika n'kudikira kuti muvomere nokha, siyamba kukopera mwakachetechete inu muli pa hotspot.

Komabe Linux si mankhwala a nthenda iliyonse. Laputopu yomwe imazima yokha masana a Okutobala ku Mangochi nthawi zambiri yatentha, fumbi latseka fani, kapena mukuigwiritsira pa matiresi pomwe mpweya sulowa. Yomwe imatenga mphindi zisanu kuti iyake kawirikawiri ili ndi hard disk yakale yozungulira, ndipo kuikamo SSD kumaisintha kuposa pulogalamu iliyonse. Batire yakufa ndi yakufa basi.

Mukatsimikiza zosamuka, koperani kaye zithunzi za banja, ma certificate ndi makalata onse pa hard disk ina, ndipo mutsegule angapo pa kompyuta ina kuti muone kuti akopekadi, chifukwa kusankha Erase disk kumafufuta zonse ndipo sikubwereranso. Lembani pa pepala ma password a imelo ndi Facebook, poti ambiri tinawasiyira Chrome kuti izitikumbukira. Ntchito yoika yeniyeniyo imatenga pafupifupi theka la ola, ndipo muiyambe batire ili yodzadza, chaja ili pa khoma, kuti magetsi akathima pakati isadukire panjira. Ngati malo alipo okwanira, pulogalamu yoikira imakupatsani mwayi wosunga Windows pambali pa Linux, kuti poyatsa muzisankha yomwe mukufuna, mpaka ana ndi akuluakulu onse a pakhomo atazolowera.