Mwala umene uli m'kope la mwana wanu

Mukapita ku Cairo Road kapena ku Kamwala kukagula makope sukulu zisanatsegulidwe, mumayang'ana mtengo wake ndi kuchuluka kwa masamba. Koma kodi munayamba mwadzifunsa chifukwa chake kope lina limamwa inki mpaka kuonekera kuseri, pamene lina limasunga zilembo bwinobwino? Tonse tinaphunzitsidwa kuti pepala limachokera ku mitengo. Zimenezo nzoona, koma sizokwanira.

M'kati mwa mtengo muli tiulusi tating'ono totchedwa cellulose, timene tinamatidwa pamodzi ndi chinthu china chonga guluu, dzina lake lignin. Opanga mapepala amasandutsa mtengo kukhala phala, nalithira pa sefa kuti madzi atsike, tiulusi tija nkugwirana tokha pouma. Nyuzipepala imene mwaiiwala pakhonde imasanduka yachikasu chifukwa lignin wambiri anatsaliramo. Pepala lolembapo amalichotsa lignin, ndipo m'malo otsala pakati pa tiulusi amathiramo mwala wopera. Mukatentha tsamba limodzi m'mbale yachitsulo, mbali yaikulu ya phulusa lotuwa lotsalalo ndi mwalawo. M'pepala la mu ofesi umatha kufika pa gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake.

Mwala umenewu si wachilendo kwa inu. Ndi calcium carbonate, mtundu womwewo wa miyala ya laimu imene mzinda wa Lusaka unamangidwapo. Aliyense amene anakumbapo maziko a nyumba ku Kabwata kapena ku Woodlands akuidziwa, ndipo ndi yomwe amaphwanya ku Chilanga popanga simenti. M'pepala umaliyeretsa, umalisalaza, ndiponso umatseka kuti zolembedwa kuseri zisaonekere.

Kale sizinali zotheka kuugwiritsa ntchito. Kuyambira mu 1807, pamene Moritz Illig wa ku Germany anafalitsa njira yoletsa inki kumwazika pothira utomoni wa paini ndi alum, mapepala ambiri anali ndi asidi. Asidi amasungunula laimu, ndipo amadyanso pepalalo pang'onopang'ono. Nchifukwa chake mabuku ambiri akale a m'malaibulale athu amathothoka ngati masamba ouma a fodya mukawapinda. Cha m'ma 1980 mafakitale ambiri anasiya njirayi natenga mankhwala opanda asidi, ndipo mpamene laimu analowa m'pepala mochuluka.

Vuto limene akatswiri akulimbana nalo tsopano ndi ili. Mwala ndi wotchipa kuposa phala la mitengo, choncho mwini fakitale aliyense amafuna kuthira wambiri. Koma mwala sugwirana ndi tiulusi. Umangokhala pakati pake ngati mchenga wochuluka m'simenti, ndipo pepala limafooka. Kwa zaka zambiri chothandiza chakhala sitachi, uja mumamuona atakhazikika pansi mukafinya chinangwa, amenenso amapezeka m'chimanga ndi mbatata.

Kafukufuku wa posachedwa wabwerera ku mtengo womwewo. Ulusi umodzi wa cellulose ukaunyenya kwambiri umagawika kukhala tiulusi tina tosaoneka ndi maso, tochepa kuposa tsitsi maulendo zikwizikwi. Akatisakaniza ndi madzi timakhala ngati phala la mwana, ndipo tikalowa m'pepala timamanga mwala ndi ulusi pamodzi ngati ukonde. Amatitcha nanocellulose. Anatipeza koyamba ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, koma kutinyenya kunkafuna magetsi ochuluka kotero kuti ntchitoyo inangokhala m'mabuku. Akira Isogai wa ku University of Tokyo ndi anzake anapeza mankhwala ofewetsa ulusi usananyenyedwe, zimene zinachepetsa kwambiri mphamvu yofunika, ndipo mu 2015 analandira mphoto ya Marcus Wallenberg ku Sweden. Mu 2016 kampani ya Borregaard inatsegula fakitale ya tiulusi totere ku Sarpsborg, m'dziko la Norway. Ena amapera phala la mitengo pamodzi ndi mwalawo, kuti mwala uzithandiza kunyenya ulusi.

Ine sindikuona ngati nkhaniyi yatha. Tiulusi timeneti timasunga madzi, motero phala limachedwa kuuma pa sefa, ndipo makina akachedwa ndalama zimapita.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Mapepala ambiri olembapo timaitanitsa kunja, ndipo kwacha ikagwa mphunzitsi wa ku Chelstone amayamba kulemba mayeso pa bolodi. Komabe zopangira zili pakhomo: laimu, chinangwa, ndi paini ndi bulugamu zimene ZAFFICO imabzala ku Copperbelt. Kudera la Mfuwe anthu amasenda ulusi wa makungwa a nthochi, umene umatumizidwa ku Japan kukapanga mapepala.

Palinso mapepala otayidwa m'maofesi a m'tauni ndi m'nyumba za ku Kabulonga. Ulusi wake umafupika ndi kuuma nthawi iliyonse ukabwezedwa m'phala, ndipo pakapita maulendo angapo sugwirananso bwino. Apa mpamene sitachi ndi nanocellulose zimaubwezera mphamvu, malinga pepalalo lifike kwa osonkhanitsa lili louma, losasakanikirana ndi mafuta kapena zotsala za chakudya.