Jogalafe wa Fomu 4 atha kupulumutsa moyo

Ophunzira ambiri akafika Fomu 3 n'kuyamba kusankha maphunziro odzalemba pamayeso a MSCE, Jogalafe amamuona ngati phunziro longoloweza maina a mitsinje ndi mapiri. Koma ngozi zomwe zakhala zikugwa m'dziko muno zikuonetsa kuti zina mwa zomwe amaphunzira m'kalasimo zikukhudza moyo ndi imfa.

M'mwezi wa March 2023, mvula yodza ndi namondwe wa Freddy idagumula nthaka paphiri la Soche mumzinda wa Blantyre. Matope ndi miyala zidatsetsereka n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko lonse, anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa.

Zoterezi zidachitikanso ku Phalombe mu 1991 pomwe madzi osakanikirana ndi miyala adatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola anthu ndi katundu.

Wophunzira wa Fomu 4 amene wamvetsa bwino kawerengedwe ka mapu angathe kuloza malo angozi otere asadapondeko n'komwe. Pamapu a sikelo ya 1:50,000, masentimita awiri amaimira kilomita imodzi, ndipo pamakhala mizere yolumikiza malo okwera mofanana.

Mizereyi ikathithikana, ndiye kuti malowo ndi otsetsereka kwambiri. Ikapindika ngati chilembo cha V choloza kumtunda, pamenepo pali khwawa, njira ya madzi mvula ikagwa. Womanga nyumba pakamwa pa khwawa lotere waika banja lake panjira ya madzi, ngakhale malowo atakhala ouma kwa zaka makumi awiri.

Phunziroli limafotokozanso chifukwa chomwe phiri lodulidwa mitengo limagumuka msanga. Mizu ndiyo imagwira nthaka, ndipo masamba amachepetsa mphamvu ya mvula. Mitengo ikatha, nthaka imakhuta madzi, kulemera, kenako n'kutsetsereka.

Kuchigwa cha Shire nkhani yake ndi ina. Mtsinje wa Ruo, womwe umachokera kuphiri la Mulanje, umathira mu Shire pa Chiromo. Ukadzaza, umatsekereza madzi a Shire omwe amabwerera m'mbuyo n'kusefukira m'midzi. N'chifukwa chake anthu a kuchigwaku atha kusamuka ndi madzi pomwe mvula yambiri yagwa kumapiri, kutali ndi kwawo.

Nazo zivomezi zomwe zidagwetsa nyumba ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu December 2009 zili ndi mutu wake m'mabuku a Jogalafe. Nyanja ya Malawi ili m'chigwa chachikulu cha Great Rift Valley, momwe nthaka ikung'ambika pang'onopang'ono.

Ngakhale kuzima kwa magetsi kumalowa momwemo. Magetsi ambiri m'dziko muno amapangidwa pamtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Nthaka yokokoloka m'minda imadzaza madamu, ndipo mu January 2022 madzi odza ndi namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, dziko n'kukhala mumdima.

Vuto n'lakuti Jogalafe amafuna kuona ndi maso komanso kugwira ndi manja. Pasukulu pomwe mapu ndi ochepa, ophunzira amangokopera za pabolodi, osadziwa kuti mizere akujambulayo ikunena za phiri lomwe amaliona tsiku ndi tsiku popita kwawo. Chikhalirecho, ulendo wokaona khwawa kuseri kwa sukulu sulira ndalama ya galimoto.

Kwa amene walimbikira, njira ilipo. Ku University of Malawi ku Zomba ndi ku Mzuzu University amaphunzitsa Jogalafe, pomwe ku Malawi University of Science and Technology ku Thyolo kuli maphunziro a zanyengo komanso a kathanidwe ka ngozi zogwa mwadzidzidzi. Omaliza maphunzirowa amatha kugwira ntchito yoyeza malo, kukonza mapulani a mizinda ndi kulosera zanyengo.

Komabe si onse olemba MSCE amene amafika kuyunivesite. Ambiri amabwerera kumudzi kapena kukafuna malo omanga m'tauni, komwe poloti yotsika mtengo nthawi zambiri imakhala m'mbali mwa phiri kapena m'dambo. Iwowa ndiwo akufunika kwambiri kuti adziwe komwe madzi adzadutse asadayambe kuumba njerwa.